Malungo amene anatilambalala: chilembo chimodzi m'magazi athu

Ku India, ku Pakistan, ku Brazil ndi ku Papua New Guinea kuli mtundu wa malungo umene kuno kwathu sitiudziwa kwenikweni. Kachilombo kake ndi Plasmodium vivax. Munthu amadwala, n'kumwa mankhwala, n'kuchira, koma pakapita milungu kapena miyezi malungo aja amamugwiranso udzudzu usanamulume kachiwiri, chifukwa tizilombo tina timatsalira m'chiwindi, kugona phee, kenako n'kudzadzuka. Ife a ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete mdani wathu ndi wina, Plasmodium falciparum, uja amakomola ana, uja timamwera LA. Udzudzu tili nawo wokwana, kutentha kulipo, ndipo vivax ndi wopirira kuposa falciparum, moti kale ankadwalitsa anthu mpaka ku Finland kozizira kuja. Ndiye bwanji dera lalikulu la Africa analilambalala?

Ndakhala ndikuyeza magazi a anthu mu labotale kwa nthawi ndithu, ndipo pa zonse zimene ndinaphunzira, yankho la funso limeneli ndi limene limandikhudza kwambiri. Limakhudza pafupifupi aliyense amene akuwerenga pano, koma ndi ochepa amene anauzidwapo.

Oyamba kudabwa anali madokotala amene ankachiza chindoko. Penicillin asanabwere, chindoko chikafika ku ubongo ankachichiza popatsira wodwala malungo mwadala, kuti kutentha kwa thupi kuphe tizilombo take. Njirayi inatchuka ndi Julius Wagner-Jauregg wa ku Vienna, amene analandira nayo mphotho ya Nobel mu 1927. Ankakonda kugwiritsa ntchito vivax poti sapha msanga. Koma ku America madokotala anaona kuti odwala ambiri akuda akawapatsira vivax sankadwala n'komwe. Anazilemba, osadziwa chifukwa chake.

Mu 1950 ku London, m'magazi a bambo wina wodwala hemophilia, matenda amene magazi sachedwa kutuluka koma amachedwa kuundana, amene anali atathiridwa magazi kambirimbiri, anapezamo chizindikiro cha gulu latsopano la magazi, n'kulitcha Duffy potengera dzina la wodwalayo. Ambiri timadziwa A, B, AB ndi O, koma magulu a magazi alipo ambiri, ndipo Duffy ndi limodzi mwa iwo. Ndi puloteni imene imakhala kunja kwa selo lofiira la magazi. Mu 1955 Ruth Sanger ndi anzake anapeza kuti anthu ambiri akuda a ku America alibe puloteni imeneyi pa maselo awo ofiira. Amene anadzalumikiza nkhani ziwirizi ndi Louis Miller ndi anzake mu 1976. Anayeza magazi a anthu 17 amene analumidwa ndi udzudzu wa vivax pa kafukufuku, akuda 11 ndi azungu 6. Anthu 5 okha ndi amene sanadwale, ndipo onsewo anali opanda Duffy. Otsala 12, akuda ndi azungu omwe, anali ndi Duffy ndipo onse anadwala. Zinaoneka poyera kuti vivax amagwira puloteni ya Duffy kuti alowe mu selo lofiira, ndipo ikasowa amasowa pogwira.

Aliyense akanaganiza kuti mwa ife jini la Duffy, kachigawo ka DNA kosunga malangizo opangira puloteniyo, linawonongeka kapena kulibiretu. Mu 1995 gulu la ku Paris, la Christophe Tournamille, Yves Colin, Jean-Pierre Cartron ndi Caroline Le Van Kim, linawerenga jinilo chilembo ndi chilembo n'kupeza kuti ndi lathunthu. Malangizo onse opangira puloteniyo alimo. Kusiyana kunali panja, patsogolo pang'ono pa jinilo, pamalo amene lero amalembedwa kuti -67: pamene anthu ena ali ndi T, ife tili ndi C.

Apa ndifotokoze pang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. DNA ya munthu ili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni, zamitundu inayi yokha, A, C, G ndi T. Gawo limene limanena mmene puloteni ipangidwire silikwana n'komwe 2 peresenti. Selo lililonse lokhala ndi DNA lili ndi majini ofanana, la m'chiwindi, la pakhungu, la muubongo. Chimene chimasiyanitsa maselowa ndi majini amene akugwira ntchito m'selomo ndi amene ali chete. Patsogolo pa jini lililonse pali kachigawo kotchedwa promoter, pamene pamasonkhana mapuloteni amene amayamba kukopera jinilo kuti likhale RNA, RNA n'kudzakhala puloteni. Puloteni yokopera, RNA polymerase, siyamba yokha. Imadikira mapuloteni ena otchedwa ma transcription factor, amene mwa munthu alipo oposa 1,600. Iliyonse imazindikira kandandanda kakafupi ka zilembo, nthawi zambiri 6 mpaka 12, n'kukhazikika pamenepo. Ina ikakhazikika imaitana yokopera ija, ina imaitchinga.

Amene anakulira kumudzi akudziwa chigayo cha dizilo chimene amachiliza ndi handulo. Injini ikhoza kukhala yabwinobwino, mafuta odzaza, lamba watsopano, chimanga chili pamzere, koma pomwe handulo imakola pakangoperepeseka pang'ono, woliza azingopukusa chabe, ufa osatuluka. Jini lathu la Duffy ndi injini yabwino imene pokolera pake panasintha.

Handulo yake m'maselo ofiira ndi puloteni yotchedwa GATA1. Inatenga dzina ku zilembo zimene imafuna, G, A, T, A. Ndi imene imalamulira kukula kwa maselo ofiira m'mafuta a m'mafupa, ndipo mbewa yochotsedwa GATA1 imafera m'mimba chifukwa chosowa magazi. Pa promoter ya Duffy, mwa anthu ambiri a ku Ulaya ndi Asia, pamawerengeka TTATCT, kumene ku chingwe chinzake cha DNA ndi AGATAA. Mwa ife pamawerengeka TTACCT, ku chinzake AGGTAA. GATA yasanduka GGTA.

Chilembo chimodzi chingalepheretse bwanji puloteni yathunthu? DNA ndi zingwe ziwiri zopotana, ndipo m'mbali mwake muli kangalande kamene m'mphepete mwa zilembo mumaonekera. GATA1 ili ndi tizigawo tiwiri tomangidwa ndi zinc tomwe amati ma zinc finger, ndipo kamodzi kamalowa m'kangalandeko n'kukhudzana ndi zilembozo. Chilembo chilichonse chili ndi maonekedwe ake ndi malo ake amene chimakoka kapena kukankha. A akachoka n'kubwerapo G, pamene puloteni inkayembekeza kukokedwa sipakoka, ndipo imangokhudza n'kusuntha. Sikuti imakhalapo mpaka kalekale ngakhale pamalo abwino. Imakhala, n'kuchoka, n'kubweranso. Chimene chilembo chimasintha ndi kutalika kwa nthawi imene imakhalapo, ndipo nthawiyo ikachepa kwambiri yokopera ija sifika.

Zimenezi zimaoneka ndi maso pa kayezedwe kena kosavuta kumva. Amatenga kachidutswa ka DNA ka promoter, n'kukaika chizindikiro choti kazioneka pa chithunzi. Amakasakaniza ndi mapuloteni ochokera m'maselo a magazi, n'kuthira m'timabowo pamwamba pa gel, chinthu chofewa chimene DNA imadutsamo, kenako n'kuyatsa magetsi. DNA yokhayokha ndi yopepuka, imathamanga mpaka pansi. DNA imene yagwidwa ndi puloteni yalemera, imatsalira m'mwamba n'kupanga kamzere kakuda. Mukaika mizere iwiri moyandikana, wa T ndi wa C, ku T kamzere kam'mwamba kali apo, ku C kuli mbee. Gulu la ku Paris linapitiriza polumikiza promoter iliyonse ku jini lina losavuta kuyeza, ndipo m'maselo a mtundu wa magazi ofiira promoter ya C inatsala pang'ono kuzimiratu.

Chokoma kwambiri n'chakuti Duffy sinazime thupi lonse. M'kati mwa timitsempha tating'ono ta magazi, ndi m'maselo ena a ubongo, puloteniyo imapangidwabe mwa ife ngati mwa wina aliyense, chifukwa kumeneko jinili silidalira GATA1. Kusintha kukanakhala m'kati mwa jini, puloteniyo ikanasowa paliponse. Poti kuli pa promoter, yasowa pamalo amodzi okha, pamene vivax amaifuna. Ogwira ntchito ku nkhokwe za magazi amadziwa phindu lake. Mtundu wa Duffy umene unazima pa maselo athu ofiira ndi umene amautcha Fyb, ndipo poti thupi limauonabe kwina, munthu wotere akathiridwa magazi okhala ndi Fyb nthawi zambiri thupi lake silimenyana nawo. Ndi mtundu winawo, Fya, umene ungamuvute.

Kuti munthu asakhale ndi Duffy pa maselo ofiira ayenera kutengera C kwa amayi ndi kwa abambo omwe. Amene watengera mbali imodzi amakhala nayo, koma yochepa. M'madera ambiri a kumadzulo, pakati ndi kum'mawa kwa Africa anthu oposa 95 pa 100 alionse ndi opanda Duffy. Ku Ethiopia, Sudan, Somalia ndi Madagascar chiwerengero chimatsika, ndipo n'komwe vivax amapezeka kwambiri mu Africa muno. Kunja kwa Africa ndi kwa ana ake obalalika, C ameneyu ndi wosowa, kupatula ku Arabia. Koma mu 1999 Peter Zimmerman ndi anzake anamupeza ku East Sepik, ku Papua New Guinea, pa chilembo chomwecho, atabadwa payekha pa mtundu wa Fya. Malo awiri otalikirana chonchi, onse a malungo, kusintha kofanana. Ndipo mu 2014 akatswiri anapeza tizilombo tofanana kwambiri ndi vivax mwa ma gorilla ndi ma chimpanzee a m'nkhalango za pakati pa Africa, zimene zikusonyeza kuti mwina vivax anachokera konkuno, makolo athu n'kumutsekera kunja zaka zikwizikwi zapitazo.

Nkhaniyi ikanathera pamenepa ndikanailemba mokondwa. Koma chilembo chomwechi chili ndi mbali ina imene ikuvutitsa anthu lero.

Achemwali anga amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain. Tsiku lina anapita kukayezetsa magazi chifukwa ankangomva kutopa. Ananditumizira chithunzi cha pepala la zotsatira usiku. Hemoglobin inali bwino, ma platelet bwino, koma pa mzere wa ma neutrophil panalembedwa 1.3, pambali pake chilembo L chosonyeza kuti atsika, ndipo m'mphepete munasonyezedwa kuti mlingo woyenera umayambira pa 2.0. Anawauza kuti abwerenso. Atabwereza, zomwezo. Anawayeza HIV, anawayeza chiwindi, kenako panayamba kumveka zoti mwina awaboole fupa kuti aone mafuta a m'kati. Pa foni mawu awo ankanjenjemera: "Achimwene, mundiuze zoona, kodi si khansa ya m'magazi imeneyi? Anawa ndiwasiyira ndani?" Ndinawafunsa ngati amadwaladwala zilonda za m'kamwa, zithupsa, chibayo. Anati ayi, ngakhale chimfine sichiwagwira kawirikawiri. Ndinawapempha kuti akafunse adokotala awo ngati angawayeze gulu la Duffy. Linatuluka monga ndinkayembekezera, ndipo za fupa zija zinathera pomwepo. Koma miyezi imene anakhala osagona palibe amene angawabwezere.

Ma neutrophil ndi maselo oyera amene amayamba kuthamangira pamene palowa mabakiteriya. Madokotala anadziwa kalekale kuti anthu ambiri akuda amakhala ndi ochepa m'magazi oyezedwa, popanda kudwala kulikonse. Mu 2009 David Reich ndi anzake anasonyeza kuti gwero lake lalikulu ndi C yemweyu wa pa promoter ya Duffy. Puloteni ya Duffy ntchito yake yeniyeni ndi kugwira ma chemokine, timapuloteni timene timalondolera maselo oyera koti apite. Ikasowa pa maselo ofiira, ma neutrophil ambiri amatuluka m'magazi n'kukakhala m'minofu ndi m'kapamba. Alipo, ndipo akugwira ntchito, kungoti jakisoni wotenga magazi pamkono sawapeza onse.

Vuto ndi mlingo. Manambala amene amasindikizidwa m'mphepete mwa pepala lija anachokera kwa anthu ena ake amene anayezedwa, ndipo kwa zaka zambiri anthuwo anali azungu. Makina ambiri amene timagula amabwera ndi milingo yomweyo. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2009, wa anthu athanzi a ku Kenya, Uganda, Rwanda ndi Zambia, anasonyeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse akanaoneka ngati odwala atayezedwa ndi milingo ya ku America, ndipo ma neutrophil anali pakati pa zifukwa zake. Zotsatira zake si zazing'ono. Wodwala khansa amaimitsidwa chemotherapy kapena kuchepetsedwa mlingo poopa kuti maselo oyera atsika, pamene iye ndi mmene anabadwira. Munthu wathanzi amakanizidwa kulowa mu kafukufuku wa mankhwala. Wodwala matenda a maganizo amene mankhwala ena onse alephera amamanidwa clozapine, amene akanamuthandiza, chifukwa lamulo limafuna ma neutrophil ofika pakutipakuti. Bungwe loyang'anira mankhwala ku America, la FDA, linadzasintha lamulo limeneli mu 2015 n'kuika mlingo wotsikirako kwa anthu otere. Zimandipweteka kuti chinthu chimene chili mwa anthu mamiliyoni mazanamazana chinakhala zaka zonsezi chikulembedwa ngati chilema. Kuno kwathu, kumene pafupifupi aliyense ndi wopanda Duffy, labotale iliyonse iyenera kumagwiritsa ntchito milingo yochokera m'magazi a anthu akuno.

Ndichenjeze pano: si kutsika kulikonse kwa ma neutrophil kumene kuli kwachibadwa. HIV, mankhwala monga zidovudine ndi Bactrim, typhoid ndi khansa yeniyeni zimawatsitsanso. Amene akudwala ayezedwe mokwanira. Chimene ndikukana ndi kuopseza munthu wathanzi ndi nambala yokha.

Pa Duffy, chilembo chinachotsa puloteni yoyatsa jini. Zimachitikanso kuti chilembo chimachotsa puloteni yozimitsa, ndipo apa ndi pamene nkhani ya promoter imakumana ndi matenda a sickle cell.

Amene analera mwana wa sickle cell amadziwa kuti amabadwa wabwinobwino. Miyezi yoyamba amayamwa, amanenepa, amaseka. Akamayandikira miyezi 6 kapena kupitirira pang'ono, tsiku lina timanja ndi timapazi timatupa, n'kutentha, mwana kulira osatonthola ngakhale atamubereka. Ena amathamangira kwa asing'anga poganiza kuti mwana walodzedwa. Dokotala wa ana Janet Watson wa ku New York anaona mu 1948 kuti maselo a makanda otere sapindika kwambiri, n'kuganiza kuti chikuwateteza ndi hemoglobin (puloteni yonyamula mpweya m'maselo ofiira) ya mwana wosabadwa, imene timaitcha HbF. Anali atalondola. Vuto la sickle cell lili m'kati mwa jini la HBB, limene limapanga hemoglobin ya akulu. Mwana ali m'mimba amagwiritsa ntchito majini ena awiri, HBG1 ndi HBG2, amene alibe vutolo. Akabadwa thupi limazimitsa awiriwa pang'onopang'ono n'kuyatsa HBB, ndipo matenda amaonekera pamene kusinthaku kwatha.

Koma pali mabanja amene HbF yawo sizima. Mu 1955 Edington ndi Lehmann analemba za anthu a ku Gold Coast, Ghana ya lero, amene magazi awo ankaoneka ngati a sickle cell koma iwo ali athanzi, ndipo kenako zinadziwika kuti anali ndi HbF yambiri. Mwa ena zimachitika chifukwa chidutswa chachikulu cha DNA chinasowa. Mwa ena ndi chilembo chimodzi pa promoter ya HBG. M'zaka za m'ma 1980 Francis Collins ndi ena anayamba kuzipeza zilembozi, china pa -202, china pa -117 m'mabanja a ku Greece. Zinkaunjikana malo awiri, cha pa -200 ndi cha pa -115, ndipo kwa zaka zoposa 30 palibe amene anasonyeza kuti pamalopo pamakhala ndani. Mu 2018 gulu la Merlin Crossley ku Sydney ndi la Stuart Orkin ku Boston anayankha. Cha pa -115 pali TGACCA, pokhala puloteni yozimitsa yotchedwa BCL11A. Cha pa -200 pamakhala ina, ZBTB7A. Chilembo chikasintha, yozimitsa imalephera kukhala, ndipo jini la ukhanda limagwirabe ntchito mpaka munthu kukalamba. Pali zilembo zinanso zimene zimachita kumanga malo atsopano a mapuloteni oyatsa: cha pa -198 chimaitana KLF1, cha pa -175 chimaitana TAL1, cha pa -113 chimaitana GATA1 yomwe ija.

Kuchokera pa nzeru zimenezi kunabadwa chithandizo. Mu November 2023 dziko la Britain linavomereza Casgevy, ndipo America inatsatira mu December. Amachotsa maselo oyambitsa magazi mwa wodwala, n'kudula DNA yake ndi chida chotchedwa CRISPR pa kachigawo kamene kamayatsa jini la BCL11A m'maselo ofiira okha. Kachigawoko ndi enhancer, kamagwira ntchito ngati promoter ngakhale kali patali ndi poyambira jini, ndipo pamene amadulapo ndi pokhala GATA1. Ndiye kuti madokotala akuchita dala pa BCL11A chimene chinachitika chokha pa Duffy mwa makolo athu: kuwononga pokhala GATA1 kuti jini lizime m'maselo ofiira, kwina konse lizigwirabe ntchito. BCL11A ikachepa, HbF imabwerera. Odwala ambiri amene analandira chithandizochi pa kafukufuku anasiya kugwidwa ndi ululu uja.

Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi. Pamafunikanso chemotherapy yamphamvu yopha mafuta akale a m'mafupa, ndi milungu yambiri m'chipinda chotetezedwa ku matenda. Pa ana anayi alionse obadwa ndi sickle cell padziko lapansi, pafupifupi atatu amabadwira ku Africa kum'mwera kwa Sahara. Sindingalembe ziwerengero ziwirizi moyandikana mtima uli m'malo. Chimene ana athu angachifikire lero ndi hydroxyurea, kapisozi wakale wotsika mtengo amene nayenso amakweza HbF. Kafukufuku wa REACH, wochitikira ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda, anasonyeza mu 2019 kuti ndi wotetezeka kwa ana a ku Africa, amachepetsa ululu, kuthiridwa magazi ndi imfa, ndipo chodabwitsa, ana ankadwalanso malungo mocheperako. Ku Kamuzu Central ku Lilongwe ana a sickle cell akhala akulandira mankhwalawa. Koma taonani mmene nkhani ziwirizi zimakumanirana: hydroxyurea imatsitsa ma neutrophil, ndipo dokotala amakweza kapena kuimitsa mankhwala poyang'ana nambala imeneyo. Mwana wopanda Duffy amayambira kale pansi. Mlingo ukakhala wobwereka, mwanayo akhoza kupatsidwa mankhwala ochepa kuposa amene thupi lake likanatha kulandira.

Zitsanzo zina ndingozidutsa. Pali mtundu wa hemophilia B wotchedwa Leyden, umene unafotokozedwa ku Netherlands mu 1970. Mnyamata amataya magazi kwambiri ali mwana, koma akatha msinkhu amayamba kuchira yekha. Chilembo chosinthacho chili pa promoter ya jini la factor IX, puloteni yothandiza magazi kuundana, ndipo chimachotsa puloteni ya m'chiwindi, monga HNF4, koma pafupi pomwepo pali malo amene amamvera testosterone, ndipo mnyamata akakula malowo amayatsa jinilo. Crossley yemwe uja, ali ku Oxford mu 1992, anasonyeza kuti chilembo china cha pa -26 chimawononga malo onse awiri, ndipo odwala amenewo sachira. Pa khansa, mu 2013 anapeza kuti zotupa zambiri za melanoma, khansa ya pakhungu, zili ndi C wosanduka T pa promoter ya jini la TERT, zimene zimamanga pokhala puloteni ya GABP n'kuchititsa selo kuti lizigawikana osakalamba. Nthawi zambiri kusintha kumeneku sikotengera kwa makolo, kumabadwa m'chotupa momwemo. Ndipo amene anamwapo ma ARV a mzere wachiwiri okhala ndi atazanavir, maso n'kuchita chikasu, nawonso akhudzidwa ndi promoter. Pa jini la UGT1A1, limene limathandiza chiwindi kuchotsa bilirubin, ena ali ndi TA wobwerezedwa ka 6, ena ka 7. Wa ka 7 amachepetsa mphamvu ya jinilo, ndi wofala pakati pa anthu a ku Africa, ndipo atazanavir akawonjezerapo kutchinga kwake chikasu chimaonekera. Nthawi zambiri chiwindi chimakhala chili bwino, koma munthu amene anzake akumufunsa za maso ake tsiku ndi tsiku amatha kusiya mankhwala.

Musaganize kuti chilembo chilichonse chosintha pa promoter chimachita zazikulu chonchi. Munthu aliyense amasiyana ndi mnzake pa zilembo mamiliyoni angapo, ndipo zambiri sizisintha kanthu. Zina zimagwera pakati pa malo ofunika. Zina zimagwera pa chilembo chimene puloteni siisamala nacho kwenikweni. Zina zimafooketsa malo amodzi koma pafupi pali ena othandizira. DNA imakhalanso yokulungidwa pa mapuloteni otchedwa ma histone, ndipo malo abwino kwambiri akakhala okulungidwa puloteni siwafikira. Akatswiri akafufuza DNA ya anthu zikwizikwi kuti apeze zilembo zogwirizana ndi shuga, BP kapena mphumu, pafupifupi 9 mwa 10 zimene amapeza zimakhala kunja kwa zigawo zopanga mapuloteni, ndipo kuti adziwe chenicheni pakati pa zoyandikana zambiri pamafunika ntchito ya zaka. Mu 2021 gulu lina linayeza zilembo zosintha zoposa 95,000 pa ma transcription factor 270 nthawi imodzi, ndipo makompyuta akuphunzitsidwa kulosera kuchokera pa zotsatira zoterezi. Koma anthu ambiri amene DNA yawo inawerengedwa mpaka pano ndi ochokera ku Ulaya, pamene kusiyanasiyana kwakukulu kwa DNA ya munthu kuli mu Africa. Mu 2020 kafukufuku wa H3Africa anawerenga DNA ya anthu 426 okha ochokera m'mitundu 50, a ku Zambia ali momwemo, n'kupeza zilembo zosintha zoposa 3 miliyoni zimene zinali zisanalembedwepo. Ndimakhulupirira kuti pakati pa zimenezo pali ena ngati -67 wa Duffy amene akufotokoza chifukwa chake mankhwala ena amatigwira mosiyana.

Ngakhale za vivax, chitetezo chathu si chathunthu monga ankaphunzitsira kale. Mu 2010 Didier Ménard ndi anzake anapeza ku Madagascar anthu opanda Duffy akudwala vivax weniweni, ndipo kuyambira pamenepo zofananazo zapezeka ku Ethiopia, Cameroon, Mali, Angola ndi kwina. Mu 2023 magulu awiri a akatswiri anasonyeza kuti ngakhale mwa munthu wa C mbali zonse, maselo ena ofiira amene adakali aang'ono m'mafuta a m'mafupa amatulutsa Duffy pang'ono kwa kanthawi, ndipo vivax amatha kulowa mwa amenewo. Izi zikugwirizana ndi zimene ndanena kale, kuti chilembo chimachepetsa nthawi imene puloteni imakhala pa DNA koma sichiifafaniziratu. Tizilombo totere timakhala tochepa m'magazi a pachala, zovuta kuziona. Zoyezera zachangu zimene zimagwiritsidwa ntchito kwambiri m'zipatala zathu zazing'ono zimafufuza puloteni ya falciparum yotchedwa HRP2, imene vivax alibe, ndipo LA sapha tizilombo togona m'chiwindi. Choncho munthu amene wabwera kuchokera ku Ethiopia, ku India kapena ku Madagascar, thupi likutentha mobwerezabwereza koma choyezera chachangu chikukana, magazi ake apakidwe pa galasi n'kuonedwa pa maikulosikopu, ndipo wopimayo auzidwe kumene wodwalayo wachokera.